Kulimbitsa chinthu chomwe mkati mwake mwadzaza mpweya

Phingo ukamuponya m'madzi amamira. Balsa, mtengo womwe umalimidwa kwambiri ku Ecuador, ndi wopepuka moti chipika chotalika ngati munthu ungachinyamule ndi dzanja limodzi. Komatu mutafinya mitengo iwiriyi mpaka mpweya wonse utatuluka, n'kuika chotsalacho pa sikelo, kulemera kwake kungafanane: pafupifupi magalamu 1.5 pa kiyubiki sentimita iliyonse. Mitengo yonse padziko imamangidwa ndi zipangizo zofanana kulemera. Chosiyana ndi kuchuluka kwa timabowo. Mwa phingo timabowo n'tochepa ndipo makoma ake ndi ochindikala. Mwa balsa, pa magawo khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi ndi mpweya.

Timabowo timeneti ndi tomwe takopa asayansi ambiri zaka makumi awiri zapitazi. Tayang'anani zomwe zatizungulira: siponji ya m'matiresi, pulasitiki yoyera yopepuka ija imabwera m'makatoni a wailesi ndi mafiriji, timabokosi togulitsiramo chipisi, zotchinga kutentha m'makoma a zipinda zozizira. Zonsezi ndi zinthu za timabowo, ndipo pafupifupi zonse zimachokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Zikatayidwa siziwola. Zomera zimapanga zinthu za timabowo tsiku ndi tsiku popanda fakitale, ndiye n'zachidziwikire kuti anthu aganize zotenga kumeneko. Vuto ndi loti chinthu chopepuka chopangidwa kuchokera ku chomera kawirikawiri chimakhala ndi chilema. Mwina n'cholimba koma ukachipinda chimathyoka. Mwina n'chofewa koma ukachikanikiza chimaphwatalala osadzukanso. Chikapulumuka ziwirizi, madzi amachimaliza.

Zomwe zili m'khoma la selo

Chomera chimamangidwa ndi maselo, tizipinda tating'onoting'ono tomwe timapanga timabowo tija. Khoma la selo la chomera lili ndi zinthu zitatu zazikulu. Choyamba ndi selulozi, amene katswiri wa ku France, Anselme Payen, anamupatula mu 1838. Mu mtengo amakhala pakati pa maperesenti 40 ndi 50, mu thonje amapitirira 90. Selulozi ndi mamolekyu a shuga olumikizana mumzere wautali, ndipo mizere imeneyi imagona moyandikana n'kupanga tiulusi tomwe kunenepa kwake ndi mananomita atatu kapena anayi okha. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa kamiliyoni. Kaulusi kotereka n'kouma modabwitsa. Pa muyeso wa kukana kutanuka, selulozi woyalana bwino amafika cha m'ma 140 GPa pomwe chitsulo chili cha m'ma 200, chonsecho chitsulo chimalemera kasanu kuposa iye.

Chachiwiri ndi hemiselulozi, amene amakuta tiulusito ndipo amakonda madzi kwambiri. Chachitatu ndi liginini, amene amadzaza mipata yotsala n'kuumitsa khoma lonse. Liginini ndi amene amachititsa kuti mtengo ukhale mtengo, osati tsamba la ndiwo.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri sachiganizira, ndicho mbali yomwe tiulusito tagonera. M'khoma la selo timazungulira mopendekera. Tikakhala pafupifupi choongoka, motsata utali wa selo, ulusi wa chomeracho umakhala wouma, wolimba, koma wosatanuka. Ulusi wa fulakisi, chomera chopangira nsalu, ndi wotero: kupendekera kwake sikufika madigiri 10, ndipo umaduka ukangotanuka ndi maperesenti awiri kapena atatu. Ulusi wa m'khoko la kokonati umapendekera cha m'ma madigiri 40. Si wolimba ngati fulakisi, koma umatanuka kwambiri usanaduke, n'chifukwa chake kokonati amagwa kuchokera pamwamba osasweka. Khonje ali pakatikati. Selulozi ndi yemweyo monsemo, kayalidwe kokha ndiko kasintha khalidwe lake. Mfundo iyi ndi yomwe nkhani yonse yatsamirapo.

Chifukwa chake chopepuka chimafooka msanga

M'zaka za m'ma 1980, Lorna Gibson ndi Michael Ashby, pogwira ntchito ku yunivesite ya Cambridge, anafotokoza masamu a zinthu za timabowo. Zomwe anapeza n'zosasangalatsa kwa aliyense wofuna kupanga chinthu chopepuka. Mu siponji wamba, momwe timabowo tangoti balala mosatsata mbali iliyonse, ukachepetsa kulemera ndi theka, kuuma kwake sikutsika ndi theka ayi. Kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukachepetsa kulemera kakhumi, kuuma kumatsika ka 100. Chifukwa chake n'choti katundu akatsamira pa siponji yotere, timizati ta mkati mwake timapindika cham'mbali, ndipo kamzati kakaonda pang'ono mphamvu yake yokana kupindika imagwa kwambiri.

Mtengo umalizemba lamuloli. Maselo ake ndi timachubu tataliatali toimirira mbali imodzi. Ukaupanikiza motsata msempha wake, makoma amanyamula katundu ataimirira chilili, ndipo kuuma kumangotsika molingana ndi kulemera: theka pa theka. Ukaupanikiza cham'mbali, makoma amapindika ndipo umafooka kwambiri. Kalipentala aliyense amazidziwa izi ndi manja ake. Nsungwi imaonjezera nzeru ina. Mukaidula n'kuyang'ana khoma lake, muona timadontho ta ulusi tathithikana cha kunja, pomwe kupindika kumavutitsa kwambiri, n'kumatayana polowera mkati. Oluka malichero ndi madengu akamasenga nsungwi, n'kusunga chakunja n'kutaya chofewa cha mkati, akutsata kagawidwe komweko.

Ndiye khoma likalemedwa kupitirira mphamvu yake limatani? Pali njira zitatu. Litha kusweka n'kunyenyeka. Litha kupindika n'kukhala chopindikacho. Kapena litha kupindika, katundu akachoka n'kubwerera m'chimake. Ntchito yonse ya ofufuzawa ndi kukankhira chinthu ku njira yachitatuyi osataya kulimba. Chitsanzo chachilengedwe ndi khungwa la mtengo wa cork, wa ku Portugal ndi maiko oyandikana nawo, lomwe amapangira zotsekera mabotolo a vinyo. Ndi lomwe Robert Hooke anaonamo maselo koyamba mu 1665. Makoma a maselo ake ali ndi makwinya chibadwire, choncho akapanikizidwa amangopindikira m'makwinya momwemo. Chotsekeracho sichitupira m'mbali pochikankha, n'chifukwa chake chimalowa m'botolo, kenako n'kudzitambasula n'kutseka.

Kuyambira pa mtengo weniweni

Njira imodzi ndi yotenga mtengo momwe ulili, n'kusunga mayalidwe omwe unadzipangira, n'kungosintha zina ndi zina. Gulu la Liangbing Hu, lomwe linali pa yunivesite ya Maryland ku America, ndi lomwe latchuka nayo. Mu 2018 linafalitsa m'magazini ya Nature zotsatira za ntchito yomwe poifotokoza imamveka yophweka. Anawiritsa matabwa kwa maola asanu ndi awiri m'madzi osakaniza kositiki soda ndi sodium sulfite, mankhwala odziwika kale m'mafakitale a mapepala, kuti achotseko liginini ndi hemiselulozi. Kenako anawapsinja pa kutentha kwa madigiri 100 kwa tsiku lathunthu. Thabwa linaphwa mpaka kutsala gawo limodzi mwa asanu a kuchindikala kwake, kulemera pa kiyubiki sentimita kunakwera katatu, ndipo mphamvu yokana kuduka pokokedwa inakwera kupitirira kakhumi, kufika pafupifupi 587 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu yotere).

Chomwe chimandigwira mtima pa ntchito imeneyi si nambala yaikuluyo, koma zomwe anapeza pa kuchuluka kwa liginini woyenera kuchotsa. Akapanda kumuchotsa konse, makoma amakana kuphwa bwino ndipo mipata imatsala. Akamuchotsa yense, thabwa limaphwanyika popsinjidwa poti palibe chogwira tiulusi pamodzi. Pabwino panali pochotsa pafupifupi theka. Anthu anayamba kalekale kupsinja matabwa kuti alimbe, koma muyeso uwu ndi womwe unasintha zotsatira. Tivomereze apa kuti thabwa lotere latayana nato timabowo take. Lalimba chifukwa laleka kukhala la timabowo.

Mukatembenuza njira yomweyo mumapeza zosiyana kotheratu. Mutenge balsa, muchotse liginini ndi hemiselulozi wambiri, muumitse uli mu chisanu osapsinja. Timakoma topyapyala tolumikiza maselo timang'ambika, ndipo chotsala ndi timasamba ta selulozi topindika ngati uta, tosanjikizana. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi masipuling'i a lole aja osanjikiza zitsulo zopindika: katundu akakwera amaphwa, akatsika amadzuka. Chipika chomwe chinali chouma chimasanduka chinkhupule. Gulu la ku Maryland lija linaonetsa kuti chinthu chotere chimatha kufinyidwa mobwerezabwereza ka 10,000 chikubwererabe. Chaka chomwecho cha 2018, ofufuza a ku Chinese Academy of Forestry, motsogozedwa ndi Xiaoqing Wang, anakuta chinkhupule cha balsa ndi mankhwala a silane kuti chizikana madzi koma chizimwa mafuta. Chinkamwa mafuta olemera mpaka ka 41 kuposa icho chomwe, ndipo ukachifinya mafuta aja amatuluka n'kuchigwiritsanso ntchito. Koma kubwereraku kumachitika mbali imodzi yokha, yomwe timasamba tasanjikizirana. Mbali inayo n'chouma ndithu.

Mu 2021 gulu la Hu linafalitsa m'magazini ya Science njira ina yomwe ine ndimaiona kuti ndi yochenjera kuposa zonse. Atachotsako liginini, anasiya thabwa lopyapyala kuti liume mpaka maselo atakwinyika n'kutsekeka. Kenako analiviika m'madzi kwa mphindi zochepa chabe. Timachubu tikuluikulu tinatsegukanso msanga, tating'ono tinakhalabe totsekeka, ndipo makoma anatsala ndi makwinya. Thabwa lotere ungalipinde pakati osathyoka, ungaliumbe momwe ukufunira, likauma limalimba kuposa poyamba. Anapatsa thabwa makwinya omwe cork amabadwa nawo.

Kupinda mtengo pakokha si kwachilendo. Michael Thonet ankapinda mitengo ndi nthunzi ku Vienna, ndipo mpando wake wotchuka wa nambala 14 unatuluka mu 1859. Liginini akanyowa n'kutenthedwa amafewa, akazizira n'kuuma amagwira pomwe wamusiyapo. Amene amawamba ndodo pamoto kuti aiongole, kapena kuviika nsungwi ndi mlaza asanayambe kuluka, akudalira khalidwe lomwelo la khoma la selo.

Kugumula n'kumanganso

Njira yachiwiri ndi yophwasula chomera mpaka kufika pa tiulusi tija, kenako n'kumanga chinthu chatsopano. Ubwino wake ndi woti simufunika thabwa labwino. Utuchi, mapesi, zotsalira za nzimbe, zonse zili ndi selulozi.

Mu 1931 Samuel Kistler wa ku America anaonetsa kuti n'zotheka kuchotsa madzi m'chinthu chaphalaphala chogwirana, mpweya n'kulowa m'malo mwake, chinthucho osanyala. Zinthu zoterezi zimatchedwa aerogel, ndipo mwa zomwe anayesa munali selulozi. Kupeza tiulusi tating'onoting'ono kunachedwa. Ofufuza a kampani ya ITT Rayonier anafalitsa njira yawo mu 1983, yokankha phala la mapepala pa kampata kakang'ono ndi mphamvu yaikulu mobwerezabwereza, koma inkadya magetsi oopsa. Zinthu zinasintha cha mu 2006 pomwe Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a pa yunivesite ya Tokyo anagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa TEMPO. Mankhwalawa amachititsa kuti kunja kwa kaulusi kalikonse kukhale ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kanzake, ndiye tiulusito timakankhana tokha, ndipo kungotakasa pang'ono timapatukana. Ntchitoyi inawapezetsa mphoto ya Marcus Wallenberg mu 2015 pamodzi ndi Yoshiharu Nishiyama.

Chomwe mumapeza ndi phala loonekera, lomwe maperesenti 98 kapena 99 ndi madzi. Apa ndi pomwe pagona vuto lalikulu la ntchito yonseyi: madziwa achoke bwanji?

Mukangoyanika padzuwa, phala lija limanyala n'kusanduka kapepala kolimba kopanda timabowo. Madzi akamauma m'kabowo amakoka makoma a kabowoko kuti akumane, ndipo kabowo kakamachepa kukokako kumakula. M'kabowo ka mananomita 20 kuchokera khoma lina kufika linzake, mphamvuyo imapitirira ka 100 poyerekeza ndi ya mpweya wotizungulirawu. Palibe kakhoma kopyapyala komwe kangapirire. Kistler anazemba vutoli potenthetsa ndi kupanikiza zamadzimadzi mpaka pomwe kusiyana kwa madzi ndi mpweya kumatha. Masiku ano amachita zimenezi ndi carbon dioxide, yemwe amafika pamenepo pa madigiri 31 ndi mphamvu yopanikiza yoposa ka 70 poyerekeza ndi ya mpweya wotizungulira. Zotsatira zake n'zokongola, koma makina ake ndi okwera mtengo ndipo amapanga zochepa nthawi imodzi.

Njira yofala kwambiri ndi youmitsa phala lija mu chisanu mpaka likhale ayezi, kenako n'kuliika m'makina opopa mpweya kuti ayezi asanduke nthunzi osadzera ku madzi. Apa ofufuza anapeza mwayi womwe poyamba sankaufuna. Ayezi akamakula amakankhira tiulusi m'mbali, ndipo tiulusito timathithikana m'mipata ya pakati pa ayezi n'kupanga makoma. Ayezi akachoka, malo omwe anali amatsala timabowo. Ndiye kuti amene akulamulira kakulidwe ka ayezi ndi amene akujambula mkati mwa chinthucho. Kuzizira kukachokera pansi kokha, ayezi amakula ngati mizati ndipo mumapeza timachubu toimirira, totengera mtengo, tolimba mbali imodzi. Kuzizira kukachokera pansi komanso m'mbali imodzi, mumapeza timasamba tosanjikizana tobwerera tikafinyidwa. Kuzizira kofulumira kumabala timabowo tating'ono, kwapang'onopang'ono kumabala tikuluikulu.

Gulu la Lennart Bergström pa yunivesite ya Stockholm linaonetsa mu 2015 komwe njirayi ingafike. Linasakaniza tiulusi ta selulozi ndi graphene oxide (timapepala topyapyala kwambiri ta kaboni), dongo lotchedwa sepiolite ndi boric acid, n'kuumitsa kuchokera mbali imodzi. Chomwe chinatuluka chinkatchinga kutentha cham'mbali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pulasitiki yoyera ija, kuposanso mpweya wongokhala, ndipo chinkavuta kuyaka. Zosakanizazo n'zofunika kuzionetsetsa. Dongo ndi graphene zinalimbitsa makoma n'kuchedwetsa moto, boric acid anamanga tiulusi pamodzi kuti chinyezi chisatimasule.

Madzi, woweruza wamkulu

Tiulusi ta selulozi timagwirana ndi timphamvu ting'onoting'ono totchedwa zomangira za haidrojeni. Kamodzi n'kofooka, koma tilipo tosawerengeka, ndipo nditimene timachititsa pepala kukhala pepala popanda guluu. Ubwino wake ndi woti tikamasuka timagwiranso pena, choncho chinthu chimatha kusuntha pang'ono mkati osasweka. Kuipa kwake ndi koti madzi nawonso amapanga zomangira zomwezo. Akalowa pakati pa tiulusi tiwiri amatilekanitsa. N'chifukwa chake katoni ikanyowa imangoti lende, ndipo thabwa limalimba likamauma kuchoka pa chinyezi cha maperesenti pafupifupi 30 kutsika m'munsi. Aerogel ya selulozi yopanda chithandizo chilichonse mukaiika m'madzi n'kutakasa imabwerera kukhala phala.

Chithandizo choyamba ndi kumanga mfundo zenizeni pakati pa tiulusi, zomwe madzi sangamasule. Mankhwala otchipa ochitira izi ndi citric acid, asidi yemwe ali m'mandimu. Akatenthedwa limodzi ndi selulozi pa madigiri 130 kapena kuposerapo, amagwira kaulusi kamodzi uku, kena uko. Opanga nsalu anayamba kale kuyesa asidi a mtundu umenewu pofuna thonje losakwinyika. Chinthu chomangidwa motere chimapirira madzi ndipo chikafinyidwa chimabwerera bwino, popeza mfundozo zimakumbukira pomwe kaulusi kalikonse kanali. Koma mfundo zikachuluka tiulusi timasowa posunthira, ndipo chinthu chimasanduka chophweka kuthyoka. Nsalu zija nazo zinkataya mphamvu yokana kung'ambika.

Chithandizo chachiwiri ndi kutseka malo omwe madzi amagwira. Kukuta ndi silane, monga anachitira pa chinkhupule cha balsa chija, kumachititsa madontho kungogubuduka. Pa matabwa pali njira yakale yodziwika bwino yogwiritsa ntchito acetic anhydride, wachibale wa viniga, ndipo matabwa a Accoya opangidwa ku Arnhem m'dziko la Netherlands amakonzedwa motero. Satupa kwenikweni ndipo sachedwa kuoneka kuti bowa wowoletsa matabwa sawakonda. Apa mpofunika kunena zoona: chomwe chimalepheretsa chinthu kuwola chili pa ntchito chimachilepheretsanso kuwola chikatayidwa. Pa chitseko kapena zenera zimenezo n'zabwino. Pa kabokosi ka chakudya kogwiritsa ntchito kamodzi, mwabwerera pafupi ndi vuto lomwe munkathawa.

Kufewetsa nako kuli ndi msampha wake. Madzi ndiwo mankhwala ofewetsa achilengedwe a selulozi ndi sitalichi, koma amauma. Glycerine, yemwe amatsala popanga sopo, amalowa pakati pa mamolekyu ngati madzi koma sauma msanga, n'chifukwa chake amamuthira m'zinthu zopepuka za sitalichi wa chimanga kapena chinangwa zotetezera katundu m'makatoni. Akachepa chinthu chimanyenyeka, akachuluka chimalefuka n'kuyamba kukoka chinyezi cha mumpweya. Siponji yotsukira mbale yopangidwa ndi selulozi ikuonetsa zonsezi m'manja mwanu. Amaipanga posungunula phala la mitengo, kuthiramo timibulu ta mchere wa sodium sulfate ndi tiulusi ta thonje kapena fulakisi tolimbitsa, kenako mchere uja n'kuusungunula kuti usiye timabowo. Ikanyowa ndi yofewa, ikauma imati gwa. Imabwera yofewa m'paketi chifukwa aithira mankhwala osunga chinyezi.

N'chifukwa chake ndikamawerenga za chinthu chatsopano chomwe akuti n'cholimba kuposa chitsulo pa kulemera kwake, ndimafuna ndione kaye kuti anachiyesa pa chinyezi chotani. Ma labotale ambiri amayesa pa chinyezi cha maperesenti 50 ndi kutentha kwa madigiri 23. Nyumba ya ku Nkhata Bay mu Febuluwale siili choncho. Ngakhale thabwa lopsinja la ku Maryland lija linatupako litakhala masiku angapo mu mpweya wa chinyezi cha maperesenti 95, mpaka analipaka penti kuti kutupako kuleke. Anachita bwino kulemba zimenezo.

Pali njira ina yomwe imasiya bowa kuti ndiye amange. Kampani ya Ecovative ya ku New York, yomwe Eben Bayer ndi Gavin McIntyre anaiyambitsa mu 2007, imasakaniza zinyenyeswa za zomera ndi mbewu ya bowa mu chikombole. Pakatha masiku ochepa mizu yoyera ya bowa imakhala italuka zonse pamodzi, ndipo amatenthetsa kuti bowa afe. Chotulukacho chimalemera kuposa pulasitiki ndipo sichibwerera bwino chikafinyidwa kwambiri, koma chimateteza katundu, chimawola m'munda, ndipo sichifuna makina a chisanu.

Nanga kuno kwathu?

Zipangizo tili nazo. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa kumatsala milu ya zikanga za nzimbe, ngakhale kuti zambiri zili kale ndi ntchito, popeza mafakitale a shuga amaziotcha kuti apeze nthunzi ndi magetsi. Mu mtsinje wa Shire muli namasupuni, yemwe pamodzi ndi zomera zina wakhala akusokoneza makina a magetsi ku Nkula, ndipo amamuvuula ku Liwonde. Namasupuni ali ndi liginini wochepa, zomwe zimachepetsa mankhwala ofunika pomuphwasula, ndipo mapesi ake ndi a timabowo kale. Koma woposa maperesenti 90 a kulemera kwake ndi madzi, choncho kumunyamula asanaume n'kulipirira lole yonyamula madzi. Pali mankhusu a mpunga ku Karonga, utuchi ku Chikangawa, makoko a mtedza. Mapesi a chimanga ndiwo ndingachenjezepo. Nthaka yathu ikuwafuna, ziweto zikuwafuna, ndipo kuwachotsa m'munda wonse kuti akapange zolongedzera katundu n'kuthetsa vuto lina poyambitsa lina. Zoterezi zinaoneka ndi balsa cha mu 2020, pomwe kufunika kwake pa mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo kunakwera mwadzidzidzi, anthu n'kuyamba kudula mitengo mosasamala m'nkhalango za Amazon ku Ecuador.

Tilinso ndi chinkhupule chomwe chimayanga pa mpanda. Ulusi wake ndi wolukana m'mbali zonse, wolumikizana pa mfundo zolimba, ndipo chimapirira kunyowa ndi kuuma kwa miyezi chifukwa liginini wake sanachotsedwe. Ofufuza m'maiko angapo akhala akuchiyesa ngati chosefera madzi, chochepetsa phokoso ndi cholandira kugunda. Zomwe ena akuvutika kupanga ndi ayezi, mbewuyi imazipanga yokha pa nyengo imodzi ya mvula.

Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (micron ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000) linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019. Likukhudza majumbo, osati masiponji, koma likusonyeza komwe zinthu zikulowera. Maganizo anga ndi oti aerogel youmitsidwa mu chisanu si poyambira pathu. Makina ake amafuna magetsi osadukiza kwa masiku awiri kapena atatu pa mtanda umodzi, ndipo magetsi akathima pakati ayezi amasungunuka, timabowo tonse n'kugwa. Poyambira pabwino ndi phala la ulusi loumbidwa mu chikombole, longa lomwe amapangira matileyi a mazira, kenako n'kulikonza ndi nzeru zomwe tafotokozazi: kusakaniza ulusi wautali wa khonje ndi waufupi wa nzimbe kuti mng'alu ukayamba upeze choutchinga, kuthira citric acid pa muyeso wake, kuumba makwinya ndi mizere m'chikombole kuti maonekedwe athandize kunyamula katundu. Palinso njira yomwe mafakitale a mapepala ku Finland akhala akuiyesa, yothira sopo pang'ono m'phala la ulusi n'kulipuntha mpaka lichite thovu, kenako n'kuliumitsa ndi mpweya wotentha wamba. Ulusi wake ndi waukulu, timabowo take n'tatikulu, choncho madzi pouma sakoka mwamphamvu moti n'kugwetsa makoma.

Chotsala ndi madzi akuda otuluka powiritsa zomera mu kositiki soda. Mafakitale aakulu a mapepala amawaotcha n'kubwezeretsa mankhwala awo, koma makina ochitira zimenezo ndi a ndalama zambiri, ndipo udzu, nzimbe ndi mankhusu a mpunga zili ndi silika wambiri amene amamata m'mapaipi n'kusokoneza kubwezeretsako. Fakitale yaing'ono yomwe ilibe pokawathira imathera kuwatayira mu mtsinje, momwe amapha nsomba. Aliyense wofuna kuyamba ntchito imeneyi, kaya ndi ku MUBAS, ku MUST, ku LUANAR kapena m'shedi ya munthu wabizinesi ku Kanengo, awerengere mtengo wosamalira madziwa pa tsiku lomwe akuwerengera mtengo wa chikombole ndi makina opsinjira.